Nthano ya Arkanar yatikumbutsa malaya ofiira kuno ku Linga

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndalemba kuti ndiyankhe kalata ija munasindikiza mwezi watha, ya bambo wina amene ankadandaula kuti achinyamata akutha maso ndi mabuku a nthano za sayansi, za anthu opita kumaiko a kunyenyezi ndi za mafumu ovala malaya achitsulo, m'malo mowerenga zoti ziwapezetse ntchito. Bamboyo anati nthano zoterezi n'chimodzimodzi za Kalulu ndi Fisi, kungoti Kalulu wake wavala jombo. Ndinaseka ndekha pakhonde mpaka mayi a kunyumba anasuzumira pazenera. Chikhala chaka chatha ndikanamuombera m'manja bamboyo, pakuti pa zaka 31 zomwe ndinagwira choko, mabuku a mtundu umenewu ndinkalanda m'kalasi n'kukawatsekera m'kabati ya ahedi. Lero sindingatero. Chandisintha ndi buku limodzi lomwe ladutsa m'manja mwa anthu anayi ndi m'makutu mwa wachisanu kuno ku Linga, kuyambira pa Khirisimasi mpaka pano mpunga wayamba kucha.

Anabwera nalo ndi mdzukulu wanga amene akuphunzira ku Zomba, ndipo pobwerera analisiya pampando, kaya moiwala kaya dala. Dzina lake m'Chingerezi ndi Hard to Be a God, kutanthauza kuti kukhala mulungu n'kovuta. Analilemba m'Chirasha anthu awiri apachibale, Arkady ndi Boris Strugatsky, mkulu womasulira mabuku a Chijapani, mng'ono katswiri wa za nyenyezi. Linatuluka mu 1964, chaka chomwe ife tinkatsitsa mbendera ya Mngerezi. Lomwe tili nalo ndi lomasuliridwa m'Chingerezi mu 2014.

Nkhani yake ili motere. M'tsogolo muno, anthu a dziko lathu lino atathana ndi njala, nkhondo ndi umbuli, apeza dziko lina kutali mlengalenga komwe kukukhala anthu onga ife, koma moyo wawo uli ngati wa ku Ulaya m'nyengo ija ya pakati pa zaka za m'ma 500 ndi 1500: mafumu, malinga amiyala, akavalo, malupanga, mauta, nsabwe ndi matope. Atumizako akatswiri a mbiri kuti akakhale pakati pawo modzibisa. Mmodzi mwa iwo ndi Anton, amene kumeneko akudziwika kuti Don Rumata, mwana wa banja lolemekezeka wokhala mumzinda wa Arkanar. Pamphumi amavala mkombero wagolide wokhala ndi mwala wonyezimira, chonsecho mwalawo ndi kamera yotumiza zithunzi kwawo. Kunkhalango anabisa makina opanga ndalama zagolide kuchokera ku utuchi, ali ndi helikoputa, ndipo pa lupanga palibe womuposa. Koma amene anamutuma anamumanga ndi lamulo: aone, alembe, apulumutse amene angathe mwakachetechete, koma asaphe munthu ndipo asagwedeze mpando wa mfumu. Iwo amakhulupirira kuti mbiri ya anthu ili ndi mayendedwe ake, monga mwana sungamuthamangitse asanakwawe.

Tsono mu Arkanar mwadzuka nduna ina, Don Reba, yoyang'anira chitetezo cha mfumu. Yasonkhanitsa anyamata ovala zotuwa, ana a eni magolosale, n'kuwapatsa nkhwangwa kuti asake aliyense wodziwa kuwerenga ndi kulemba. Alakatuli, asing'anga ndi olemba mbiri akupachikidwa, ena akuponyedwa m'ndende yomwe eni ake amaitcha Nsanja Yachimwemwe. Rumata akuona zonsezi ndi maso ake, mphamvu zoti n'kuzithetsa tsiku limodzi ali nazo, koma akungozembetsa mmodzimmodzi usiku kudutsa malire.

Ife timakumana Lamulungu masana pakhonde panga, pali bawo ndi tiyi wa mandimu. Timakhalapo ine, akatekisiti opuma a mpingo wa Anglican, mlamu wanga amene anali namwino, mwalimu wa kumadrasa amene tinkawedza naye kambuzi tili ana, ndi atelala a pamsika. Atelalawa Chingerezi chimawadutsa pambali, choncho ndinkawafotokozera mutu ndi mutu m'Chichewa iwo akusokerera mabatani. Mwini buku ankalowerera pa foni, mayunitsi akakhalapo.

Iyeyu ndiye sanachedwe kugamula. "Agogo, Rumata ndi wamantha basi. Munthu uli ndi helikoputa, ndalama zosatha, n'kumaonerera anzako akupachikidwa? Akanangomudula mutu Reba tsiku loyamba, buku likanathera patsamba 20." Ndinamuyankha kuti bukulo funso limeneli silinalithawe. Likutchula anzake a Rumata amene analephera kupirira, natsogolera anthu kuukira, ndipo zonse zinathera m'mwazi, zinthu n'kubwerera mwakale. Mulinso mtsogoleri wa alimi oukira, Arata, thupi lonse zipsera, amene akupempha Rumata kuti amubwereke mphezi zake. Rumata akukana, poona kuti Arata akapambana, anyamata ake omwewo ndi amene adzagawane minda ndi malinga n'kusanduka mabwana atsopano. Mdzukulu sanagonje. Anati amenewo ndi mayankho a munthu wokhuta. Panthawiyo ndinamukalipira kuti alibe ulemu, koma mawu ake anandikhala pamtima, ndipo ndibwererako.

Akatekisiti anakana kuligwira bukulo masabata awiri chifukwa cha dzina lokhalo. "Aphunzitsi, munthu angayerekeze bwanji kukhala Mulungu? Izi ndi zija za nsanja ya Babele." Tinawasiya.

Amene anatidzidzimutsa ndi atelala. Masabata atatu oyamba ankangomvetsera, nthawi zina kufunsa ngati akavalo amadya madeya. Tsiku lomwe ndinafotokoza za anyamata ovala zotuwa akuimitsa munthu pamsewu usiku n'kumupanikiza ngati ndi wodziwa kuwerenga, anaika singano pansi.

"Aphunzitsi, taimani kaye. Malaya awo mwati otuwa? Athu anali ofiira."

Tonse tinkadziwa kuti paunyamata wawo anali mu Youth League, koma zaka zonsezi palibe anaitchulapo nkhaniyo pakhonde langa. Tsiku limenelo anaitulutsa okha. Ankaima pachipata cha msika ndi mtolo wa makadi a chipani, wopanda khadi osalowa, wopanda khadi osakwera basi, ndipo panali masiku omwe mayi woyembekezera ankagulitsidwa makadi awiri. Anati, "Ine ndinali ndi zaka 17, nditalephera Sitandade 8. Kanali koyamba kuti munthu wamkulu andiope. Ahedi amene ankandikwapula ndinawabweza pachipata kuti akatenge khadi kunyumba, padzuwa, anthu akuona. Usiku umenewo ndinagona ngati mfumu." Chodandaula chawo pa bukuli n'chakuti anyamata otuwawo likuwaonetsa ngati nkhumba zonenepa zopanda mutu, osafunsa kuti anachokera kuti, anawabereka ndani, chinawasowa n'chiyani. Koma nditafika pomwe Don Reba, atathana nawo ntchito, akulowetsa usiku gulu la ansembe ankhondo ovala zakuda kuti liwaphe anyamata ake omwe aja, atelala anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anati olembawa ankadziwa zomwe ankalemba. Anakumbutsa za anzawo a Payoniya mu December 1993, asilikali atawathira Operation Bwezani: anyamata ndi amene anathawira m'tchire, ena mpaka ku Mozambique, pamene akuluakulu owatuma anatsala m'nyumba zawo akumwa tiyi.

Apa ndi pomwe ndikufuna bambo analemba kalata aja amvetse. A Strugatsky sankanena za kunyenyezi ayi. Boris anafotokoza yekha pambuyo pake kuti poyamba ankafuna kulemba nthano yosangalatsa ya malupanga ndi nthabwala. Koma mu December 1962 mtsogoleri wa dziko lawo, Nikita Khrushchev, anakalalatira ojambula pachionetsero ku Moscow, ndipo alembi ndi aluso onse anayamba kufinyidwa. Nthano ija inada. Dzina la nduna yoipayo poyamba linali Rebia, kusokoneza chabe zilembo za Beria, mkulu wa apolisi achinsinsi a Stalin, ndipo anachotsapo chilembo chimodzi atalangizidwa kuti zaonekeratu. Kodi ife Amalawi tingadabwe nazo zimenezi? Tinali ndi lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo. Jack Mapanje anatulutsa ndakatulo zake za abirimankhwe mu 1981, zobisa mawu ngati mwambi, komabe mu 1987 anakamutsekera ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Ndipo kuno ku Nkhotakota ndi komwe mu 1960 chipani chinapatsa Kamuzu utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse, anthu akuvina ndi mtima umodzi, bambo anga ali pomwepo. Ngakhale Kalulu amene bambo aja akumunyoza, agogo athu sankamukamba pongofuna kugonetsa ana. Munthu ukafuna kuuza mfumu kuti ndi yadyera koma mutu wako ukuufunabe, unkati padangokhala Njovu.

Mlamu wanga bukuli sanalikonde, ndipo mpaka lero salikonda. Analiwerenga masiku anayi okha n'kulibweza ataligwira ndi zala ziwiri. "Alamu, m'buku monsemu mkazi wamtima wabwino ndi mmodzi, Kira, wokondedwa wa Rumata, ndipo ntchito yake n'kudikira mwamuna kunyumba kenako n'kulasidwa mivi pazenera kuti mwamunayo akwiye. Anamulembera kufa basi." Ndinayesa kutsutsa koma ndinasowa poyambira, chifukwa n'zoona. Chachiwiri chomwe chinamunyansa ndi mphuno ya Rumata. Tsamba ndi tsamba akudandaula fungo la anthu, nsikidzi, zovala zosachapa, mpaka nthawi zina akuvomera mumtima kuti anthuwa sakuwaonanso ngati anthu. Mlamu anati pa zaka zake zonse m'chipatala anawaona alendo otere, obwera pagalimoto zoyera ndi madzi awoawo a m'botolo, okoma mtima ndithu, olemba chilichonse m'kabuku, koma ukawayang'ana m'maso umaona kuti akuwerenga masiku oti abwerere kwawo. Ine ndinati olembawo anachita dala, akufuna tione kuti ngakhale munthu wophunzira bwino amaola mkati akakhala nthawi yaitali akuonerera nkhanza. Mlamu anati kaya dala kaya ayi, iye watopa ndi nkhani zomwe wovutika ndi mlendo, eni mudzi n'kukhala ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Mwalimu ndiye anaitengera nkhaniyi pabwalo lathu lenileni. Anati a Rumata kuno tinawaonapo, ndipo mtengo womwe anakhala pansi pake ulipobe pafupi ndi chipatala cha St Anne's. David Livingstone anafika kuno mu 1861 pabwato, nabweranso mu 1863 wapansi. Anapeza Nkhotakota ali doko lalikulu la minyanga ndi akapolo, zombo zikuwolotsa anthu kupita kutsidya, kuti akayende ulendo wa ku Kilwa. Anali ndi mankhwala a malungo, zida zoyezera nyenyezi ndi kabuku. Anaona, anadandaula, analemba, napita. Malondawo anapitirira zaka pafupifupi 30. Kenako kunabwera a mtundu wina, a Harry Johnston, nthumwi ya boma la Angerezi, amene sanabwere kudzaonerera. Anapangana ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili yolamulira dokoli, mu 1889, pofika m'ma 1890 ufumu wa a Jumbe unathetsedwa, ukapolo unatha, ndipo opulumutsawo anakhala pamsana pathu mpaka 1964, msonkho ndi thangata zili pamwamba. Choncho, anatero mwalimu, njira zonse ziwiri zomwe mdzukulu ndi agogo ake akukanganirana zinayesedwa pamchenga uno. Anawonjezera mosabisa, ngakhale ndi Msilamu ndipo mbiri ya chipembedzo chake kuno imayambira pamenepo, kuti Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba amene anafika m'ma 1840, nayenso anali mlendo wa mphamvu zachilendo: mfuti, nsalu, kulemba, ndi mpunga womwe tikudya lerowu. Mbiri ya Jumbe timaidziwa, ya Livingstone ana amaloweza kusukulu. Koma mayi wa Chichewa amene anagwidwa kumunda kumtunda uko, namangidwa goli, nadikira chombo padoko pano, ankaganiza chiyani poona mzungu akulemba m'kabuku? Ameneyo ndiye mlamu wanga akumufuna, ndipo m'buku la a Strugatsky mulibe.

Akatekisiti analitenga bukulo pomaliza, atamva tikukangana za sing'anga Budach. Ameneyu ndi dotolo wanzeru amene Rumata anamutulutsa m'ndende, ndipo ali pachakudya anamufunsa kuti akanakhala ndi mpata wolangiza Mulungu akanamuuza chiyani. Budach akuti anthu apatsidwe chakudya ndi zovala zokwanira. Rumata akuyankha kuti amphamvu adzalanda za ofooka. Ndiye alangidwe ankhanzawo. Akuti malo awo adzatengedwa ndi amphamvu otsatira, nawonso adzachita nkhanza. Ndiye aliyense apatsidwe zochuluka kuti pasakhale cholimbirana. Akuti adzasanduka alesi odikira kudyetsedwa. Ndiye mitima yawo isinthidwe kuti azikonda ntchito ndi nzeru. Akuti kutero n'chimodzimodzi kufafaniza anthuwa n'kulenga ena. Potsiriza sing'angayo akupempha kuti ngati zili choncho, Mulungu awasiye okha ayende njira yawo, ndipo Rumata akuti chisoni sichingamulole. Akatekisiti anawerenga masamba amenewa katatu. Anabwera Lamulungu lotsatira ndi Baibulo lawo, natiwerengera Habakuku mutu 1, pomwe mneneri akufunsa chifukwa chomwe Mulungu akhalira chete woipa akumeza wolungama. Anati za Babele zija abweza, bukuli likufunsa funso la Yobu. Koma anapeza pomugwirira Rumata: pansi pa malaya ake amavala chovala chomwe lupanga kapena muvi sungaboole. "Amene ine ndimamulalikira anatsika wopanda chovala chotere, ndipo mkondo unalowa. Uyu akufuna kumva chisoni koma thupi lake lisakhudzidwe." Mwalimu anayankha kuti kwa iye cholakwa chili poyambirira pomwe, pamene anthu a dziko lathu akudziyesa odziwa njira yomwe mbiri ya anzawo iyenera kudzera, ngati kuti anailemba ndi iwo. Anakambirana mpaka mwalimu ananyamuka kupita ku swala ya magharibi, bawo osaseweredwa.

Tsopano ndinene zanga, zomwe pakhonde paja sindinanene mpaka sabata yomaliza.

M'ma 1990 ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina kumtunda, kutali ndi nyanja. Mwana wa m'kalasi langa anadwala, thupi kutentha, kenako kukomoka, ndipo anamwalira asanafike naye kuchipatala. Anali malungo, ndinkadziwa, chifukwa ndinamuona akunjenjemera padesiki masiku awiri. Maliro asanathe, mudzi unaloza chala gogo wina wamasiye amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Madzulo ake ndinamva phokoso, ndinatuluka, ndinaima kuseri kwa mpanda wa nyumba ya aphunzitsi. Ndinaona anyamata, ena ndinawaphunzitsa ndekha, akumukoka gogoyo pabwalo. Ine ndinali munthu wolandira malipiro, wa njinga, wovala tayi, amene mfumu inkandipatsa mpando pamilandu. Ndinkadziwa za udzudzu. Ndinkadziwanso kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndinadziuza kuti mlendo ndi mame, za eni mudzi n'za eni mudzi. Ndinadziuza kuti ndikalowerera makolo achotsa ana pasukulu, ndipo phindu lake likhala lotani; bola ndiphunzitse anawa sayansi, pakatha zaka 20 zoterezi zidzatha zokha. Nyumba ya gogoyo anaitentha, iye anathawa usiku womwewo kupita kwa abale ake, ndipo sanabwererenso. M'mawa mwake ndinalemba m'buku la sukulu kuti ana abwera ochepa chifukwa cha maliro.

Kamera ya pamphumi ija ine ndinali nayo: inali buku la sukulu limenelo. Ndipo zaka 20 zija zinakwana kalekale, koma nyuzipepala yanu yomweyi ikulembabe za okalamba ophedwa powaganizira ufiti.

N'chifukwa chake mawu a mdzukulu wanga, oti amenewo ndi mayankho a munthu wokhuta, anandilasa. Sindikuvomereza kuti Rumata akanadula mutu wa Reba. Bukulo likuonetsa bwino komwe lupanga limathera: Kira ataphedwa, Rumata akutenga malupanga ake n'kutuluka, ndipo anzake pobwera kudzamutenga, atagonetsa mzinda wonse ndi mpweya, akumupeza potsatira mitembo. Munthu amene anapirira zaka osapha ndi mmodzi yemwe akupha osawerenga tsiku limodzi, ndipo akuphera wake wa pamtima, osati alakatuli aja. Koma chomwe ine ndikuwatsutsa olembawa, ndi chomwe ndikudzitsutsa ndekha, n'kuganiza kuti njira ndi ziwiri zokha, lupanga kapena kukhala chete. Usiku uja sindinkafunika mphezi. Ndikanangoyenda mapazi makumi atatu, n'kukaima pakhomo la gogo uja ndi tayi wanga, n'kuwatchula anyamatawo maina mmodzimmodzi monga ndinkachitira poitana maina m'kalasi. Mwina akanandigenda. Mwina akanachita manyazi. Chovala chosaboola chija akatekisiti ananena, changa chinali mawu oti ndine mlendo.

Nditawafotokozera zimenezi anzanga, palibe anandiweruza. Atelala anangoti, "Ndiye kuti tonse tili m'bukumu, aphunzitsi. Ine ndavala zotuwa, inu mwavala golide pamphumi." Mlamu wanga anati iye akadali pa mawu ake, gogo uja ndi amene anayenera kufotokoza nkhaniyo.

Ndipo apa ndikugwirizana naye. Alembi athu a nthano za sayansi alipo. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo kunatulukanso buku la nthano zifupizifupi la Imagine Africa 500 momwe muli Amalawi angapo. Koma zonsezi zili m'Chingerezi, atelala sangazimve popanda ine, ndipo zikuyang'ana kutsogolo. Ine ndikufuna wina ayang'ane kumbuyo, m'Chichewa. Malinga amiyala ndi akavalo tisabwereke kwa Azungu, tili ndi makedzana athu. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ulendo wa maola ochepa kuchokera kuno mukatsata msewu wa M5 kudutsa Salima. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi zibangili za minyanga, umboni woti anthu amenewa ankagulana ndi maiko a kutsidya kwa nyanja yamchere. Kunali ng'anjo zoyengera chitsulo, osula ndi mivukuto yawo, Makewana ku Msinja wopempha mvula. Alendo achilendo ankadutsadi: Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa mu 1616 kudzera m'dziko la Amaravi. Tsono tayerekezani mlendo wina wafika pabwalo la Kalonga, akuti ndi wamalonda, koma sadwala malungo, chilonda chake chimapola usiku umodzi, ndipo mkanda wa pakhosi pake sauvula ngakhale posamba. Nkhaniyo aifotokoze mayi woumba mbiya amene wamuzindikira, amene mwana wake akudwala, ndipo akudziwa kuti mlendoyu mankhwala ali nawo koma akuti malamulo a kwawo samulola. Ndikufuna ndimve zomwe mayi ameneyo angamuuze.

Bambo analemba kalata aja ngati angafune kuliwerenga buku la a Strugatsky, atumize uthenga kudzera kwa inu, Akonzi, ngakhale adikire pang'ono. Chikuto chinathothoka, atelala alisokera china cha chitenje, ndipo pakadali pano lili ndi mwana wamkazi wa mwalimu amene akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, bambo ake akuti aziliwerenga Loweruka lokha.

Za ku Mankhamba zija, poona kuti wolemba sakuoneka, ndagula kope la masamba 80 ndipo ndayamba ndekha. Ndafika patsamba 11. Lamulungu lapitali ndinawawerengera anzanga. Mwalimu akuti Chiswahili cha wamalonda wanga n'cha pa wailesi, atelala akufuna kudziwa kuti alonda a Kalonga avala zotani, ndipo mlamu wandibwezera kope lonse kuti ndikayambirenso, chifukwa mayi woumba mbiya uja sakutsegula pakamwa mpaka patsamba 6.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Linga, Nkhotakota